Wofunsa naye amadya phula

Akulu akale ananena kuti safunsa anadya phula, ndipo ife tinakula tikumuseka munthuyo. Anamupatsa chisa cha njuchi, manyazi n'kumugwira, osafunsa kuti chodyedwa n'chiti, mpaka anatafuna phula nsagwada kuchita kuwawa, uchi ukudontha pansi. Masiku ano Safunsa ndi wosowa. Aliyense ali ndi foni m'thumba, ndipo timafunsa chilichonse, ngakhale njira yopita kunyumba imene takhalamo zaka zambiri. Chodabwitsa n'chakuti phula likudyedwabe, mwinanso kuposa kale. Amene akukayika akaone Mmalawi wa ku Leicester kapena ku Manchester mwezi umene MOT ya galimoto yake ikutha.

Kwa amene ali kumudzi, MOT ndi mbale wake wa COF. Ku England, Scotland ndi Wales galimoto ikakwanitsa zaka 3 imayenera kuyesedwa chaka chilichonse ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. Mayesowa anayamba mu 1960, nduna yoona za mtengatenga ili Ernest Marples, ndipo nthawiyo ankangoyang'ana mabuleki, magetsi ndi chiwongolero pa magalimoto a zaka 10 kupita m'mwamba. Pofika mu 1967 zakazo zinali zitatsitsidwa kufika pa 3. Mndandanda wa zoyang'ana nawo unakula: matayala, malamba, utsi, mawaipa, hutala, magalasi, dzimbiri, mpaka madzi otsukira galasi lakutsogolo. Inde, kabotolo ka madzi kakauma, galimoto ya ndalama zambiri ikhoza kulephera mayeso.

Kusiyana kwake ndi kwathu n'kwakuti kuno palibe chomata pagalasi choti wapolisi awerame n'kuwerenga. Zonse zili mu kompyuta, ndipo makamera a m'misewu amawerenga nambala ya galimoto osakuimitsani n'komwe. Mukapezeka mukuyenda opanda MOT, chindapusa chimatha kufika £1,000. Kamera ilibe khutu. Simungaiuze kuti "bwana, ndimapita komweko," simungaifunse za ana kunyumba, simungaikumbutse kuti mumapemphera mpingo umodzi. Luso lonse lolankhula bwino limene tinaliphunzira pa malodibuloko a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre limathera pabwalo la ndege la Heathrow.

Ndiye munthu amayamba kufunsa, monga anatilangizira makolo. Funso loyamba limapita pa gulu la WhatsApp la anthu akwathu: "Abale, ndani akudziwa galaja yabwino ya MOT?" Pasanathe ola limodzi mayankho adzaza. Achimwene ena akuti pitani kwa mnyamata wawo, mukangotchula dzina lawo zonse ziyenda. Amayi ena akuti mnyamata yemweyo ndi amene anawaonongera galimoto chaka chatha, ndipo Mulungu yekha ndiye adzaweruze. Wina akutumiza vesi. Wina akufunsa ngati galimotoyo mukuigulitsa. Amalume ena, amene m'gulu lililonse sasowa, akulemba kuti iwo vuto limeneli sanalionepo chifukwa galimoto yawo amaisamala, kenako n'kutumiza chithunzi chake. Pofika madzulo nkhani yasanduka ya chopereka cha maliro, ndipo mwini funso watsala pomwe anali.

Funso lachiwiri limapita kwa Google. Magalaja ovomerezeka kuyesa MOT alipo oposa 20,000, ndipo mumawadziwira chikwangwani cha buluu chokhala ndi tizithunzi titatu toyera ta makona atatu. Onse ali ndi nyenyezi pa intaneti. Mukawerenga ndemanga za nyenyezi zisanu mupeza kuti anthu akuyamikira khofi wa ulere ndi mpando wofewa wa pamalo odikirira. Za nyenyezi imodzi zimalembedwa ndi anthu amene galimoto zawo zinalephera, ndipo mwa iwo simungadziwe amene anaberedwa ndi amene anabwera ndi matayala osalala ngati chidendene cha khanda. Galaja yokhwimitsa malamulo imalandira matemberero, yolekerera imalandira madalitso. Mukasankha potengera nyenyezi, mwina mwasankha munthu amene saona bwino.

Apa m'pamene mwambi uja umaonekera kuti unasiyidwa wosamaliza. Akuluwo anati funsani, koma sanatiuze kuti tizifunsa ndani. M'nthawi yawo amene ankakupatsa chisa analibe sitolo ya phula kuseri kwa nyumba. Galaja ya MOT ili nayo. Munthu amene mukumufunsa kuti "kodi galimoto yangayi ili bwino?" ndi yemweyo amene amagulitsa matayala, mabuleki ndi ekizozi, ndipo lendi ya galajayo imamudikira mwezi ukatha. Boma linaika malire akuti mayeso a galimoto wamba asapitirire £54.85, mtengo umene wakhala chomwecho kuyambira mu 2010, pamene china chilichonse chakwera. Ntchito yake imatenga pafupifupi ola lathunthu. Ndiye mukaona chikwangwani chakuti MOT pano ndi theka la mtengowo, dzifunseni kuti theka linalo lichokera kuti. Palibe amene amatsegula galaja chifukwa chokonda anthu.

Ndisanamizire anthu a ntchito zawo. Amakaniko ambiri ndi oona mtima, ndipo bungwe la DVSA limawayang'anira, limatha kuwalanda chilolezo akapezeka akuchita zachinyengo. Amene ndimapitako ine ndi bambo wachikulire wosakonda nkhani, amene amakupatsa moni ndi chibwano. Koma ngakhale woona mtima ali ndi chida chimodzi chimene chimathetsa mphamvu munthu aliyense, ndicho mpweya umene amaukoka m'mano. Galimoto ili m'mwamba pa chokwezera, iye ali pansi pake ndi tochi, akugogoda chitsulo apa ndi apo ndi kanyundo kakang'ono. Kenako waima. Wayang'anitsitsa malo amodzi, wapukusa mutu pang'ono, n'kukoka mpweya uja: "Sssss." Inu muli kuseri kwa mzere wachikasu pamalo oonerera, chifukwa lamulo limalola kuonerera koma osasokoneza woyesa, ndipo mumtima mwayamba kale kuchotsera ndalama ya fizi imene munalonjeza kutumiza kumudzi. Akabwera n'kukuuzani dzina la chitsulo chimene chatha, mumagwedeza mutu ngati munachionapo. Chitsulocho simukuchidziwa, simunachimvepo, ndipo mukafika kunyumba mudzakhala mutaiwala dzina lake. Mwafunsa, mwayankhidwa, koma ngati ndi uchi kapena phula mudziwa pakatha miyezi.

Dzimbiri ndiye mdani wamkulu kuno, ndipo anthu ochokera kwathu limatipeza tisanakonzeke. M'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya galimoto kuyambira pansi. Ife timapukuta pamwamba mpaka kuwala, kupopera mafuta onunkhira pa dashibodi, kupachika kambendera ka dziko lathu, koma woyesa alibe nazo ntchito zimenezo. Iye amayamba ndi kumene mwini galimoto sanayang'aneko chiigulire.

Kuyambira mu May 2018 zolakwika zimaikidwa m'magulu atatu: zazing'ono, zazikulu ndi zoopsa. Zazing'ono mumakhoza nazo. Zazikulu mwalephera. Zoopsa mwalephera ndipo galimotoyo simuyenera kuiyendetsa mpaka itakonzedwa. Mukachita makani, chindapusa chimatha kufika £2,500, ndi mapointi 3 pa laisensi, mwinanso kuletsedwa kuyendetsa. Taonani mmene zimakhalira: amene wanena kuti galimoto ndi yoopsa ndi yemweyo amene ili pabwalo pake, ndipo masipanala ali nawo m'manja. Mukhoza kuitanitsa galimoto yodzaikoka kupita kwina, koma ndi angati amene amatero ali ndi shifiti ya usiku ikuwadikira? Palinso gulu lina lotchedwa advisory, limene ndi chenjezo chabe lakuti chakutichakuti chayamba kutha. Anthu akwathu timaliwerenga ngati mmene timamvera dokotala akamati tichepetse mchere. Timavomera mwaulemu, pepala n'kulipinda, chaka chamawa n'kudabwa kuti advisory uja wakula, tsopano ndi cholakwika chachikulu.

Ofunika kuwafunsa alipo, kungoti sadzitsatsa. Makhonsolo ambiri ali ndi malo awo oyesera magalimoto a khonsolo ndi matakisi, ndipo amalandiranso anthu wamba. Ambiri mwa malo amenewa sakonza magalimoto a anthu. Woyesa wa kumeneko galimoto yanu ikalephera sapindula kanthu, ikakhoza sataya kanthu. Kawirikawiri amalipiritsa mtengo wonse kapena pafupi nawo, khofi kulibe, ndipo malowo amakhala kuseri kwa tauni pafupi ndi kumene amaimika magalimoto onyamula zinyalala. Kuipa kwake n'kwakuti mukalephera muyenera kukasaka makaniko kwina n'kubwereranso, pomwe pagalaja wamba mukaisiya galimoto kuti aikonze pomwepo n'kuiyesanso pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, kuyesanso n'kwaulere. Galimoto imene mukuikhulupirira ipititseni kukhonsolo. Imene mukudziwa kale kuti ikudwala, mungoipereka kwa sing'anga amene ali ndi mankhwala, koma mumve mtengo asanagwire sipanala. Ku Northern Ireland nkhaniyi anaidula pachiyambi: mayeso amachitikira m'malo a boma okhaokha, ndipo galimoto imayamba kuyesedwa ikakwanitsa zaka 4. Kumeneko anthu sadandaula za makaniko, amadandaula za mzere.

Wina woti mumufunse ndi galimoto yomweyo, ndipo imayankha mosabisa. Pa tsamba la GOV.UK mukalemba nambala yake mumaona mbiri yake yonse ya MOT kuyambira mu 2005: chaka chimene inalephera, chimene chinailepheretsa, ma advisory onse, ndi mtunda umene inali itayenda pa mayeso alionse. N'zaulere. Achibale amene mumaitanitsa magalimoto akale a ku UK kudzera pa doko la Dar es Salaam kapena Walvis Bay, pemphani nambala yake yakale musanatumize ndalama. Mukapeza kuti mu 2019 inali itayenda mamailosi ambiri kuposa amene ikuonetsa lero, dziwani kuti mwakumana ndi galimoto imene imayenda chobwerera m'mbuyo, ndipo wogulitsayo ali ndi zoti afotokoze.

Zambiri zimene zimalepheretsa magalimoto n'zochititsa manyazi. Magetsi ndi maindiketa ndiwo amatsogola. Babu la ndalama zochepa limene mukanalisintha nokha limakubwezani kunyumba ndi pepala lolephera. Imitsani mwana kumbuyo kwa galimoto, pondani buleki, afuule ngati magetsi onse ayaka. Ana amaikonda ntchito imeneyi chifukwa ndi mwayi wawo wouza bambo kuti alakwitsa. Matayala ayenera kukhala ndi mizere yozama 1.6mm kapena kuposa, ndipo poyeza anthu amalowetsa kobiri la 20p mumzeremo: mkombero wakunja wa kobirilo ukamaoneka, tayala likukayikitsa. Ngati kagetsi ka injini kakuyaka pa dashibodi, kukamata ndi tepi yakuda si kukonza, ngakhale ndikudziwa kuti njirayi ili ndi oikhulupirira ambiri pakati pathu. Ndipo musadikire tsiku lomaliza. Lamulo limalola kuyesetsa galimoto kutatsala mwezi umodzi kuchotsapo tsiku limodzi, osataya tsiku lanu la chaka chamawa. Amene amapita mochedwa amafika pagalaja ngati wopempha, ndipo mtengo uliwonse amauvomera.

Mukaona kuti akulepheretsani mopanda chilungamo mukhoza kudandaula ku DVSA pasanathe masiku 14 ogwira ntchito, bola galimotoyo musaikonzetse kaye. Mumalipiranso ndalama ya mayeso, imene imabwezedwa yonse kapena mbali yake mukapezeka kuti munali olondola. Sindinakumanepo ndi munthu wakwathu amene anachita zimenezi. Ife madandaulo timakapereka pa gulu la WhatsApp lija, kumene mlandu umaweruzidwa mwachangu, wolakwa n'kupezeka, chilango n'kukhala chakuti tonse tisadzapiteko, mpaka sabata yamawa wina atafunsanso za galaja yabwino n'kupatsidwa dzina lomwelo.

Phula lomaliza limadyedwa ndi amene wakhoza. Amatuluka pagalaja chifuwa chili patsogolo, n'kuyamba kuuza anthu kuti galimoto yake boma laivomereza. Pepalalo limangonena kuti tsiku limenelo, pa ola limenelo, zinthu zimene zinayang'anidwa zinali bwino. Woyesa saloledwa kumasula zitsulo, ndipo za umoyo wa injini, kilatchi ndi giyabokosi mayesowa sakhudzako. Galimoto ikhoza kukhoza MOT m'mawa, madzulo n'kufera pa M1 mvula ikugwa, ndipo palibe amene wanama. Ogulitsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mawu akuti MOT ya miyezi 12 amawalemba ndi zilembo zikuluzikulu, za giyabokosi osatchulako.

Njira yothawira mayesowa mpaka kalekale ilipo imodzi: galimoto imene yapitirira zaka 40, ndipo sinasinthidwe kwambiri, siifunikanso MOT. Amalume a chithunzi aja atamva zimenezi anakhala chete kanthawi, akuwerenga pa zala. Toyota yawo ndi ya 2008. Akuti ingopirira mpaka 2048, ndipo ayamba kale kufunsa pagulu ngati pali amene akudziwa munthu wowotcherera zitsulo wotchipa.