Ndalama zimene wayilesi ya bambo a ana yadya chaka chino

Kaundula wa pakhomo, Kamwendo, Mchinji. Wolemba ndine mayi wa nyumba.

Chilolezo cha ku MACRA: chinalipiridwa, risiti ili m'Baibulo. Dzina la bambo la pa wayilesi yawo yolankhulirana limayamba ndi 7Q. Anzawo a ku Chipata lawo limayamba ndi 9J, ndipo akanatha kukawapeza pa minibasi.

Eriyo: K0. Ndi waya umene anaukunga kuchokera pa mango kukafika pa bulugama ana asanayambe sukulu. Pa 7 MHz waya wotere umayenera kutalika mamita pafupifupi 20. Wathuwu nthambi inaudula, bambo n'kuulumikiza ndi waya wa mpanda. Amati ndi waulere. Zili m'munsizi ndiwo mtengo wa ulerewo.

Mita ya SWR, yogwirapo kale ntchito: K45,000. Singano ikaima pa 1, mphamvu yonse yakwera kumwamba. Yathu inaima pa 3, kutanthauza kuti kotala ya mphamvuyo imabwerera m'nyumba kudzawotcha ampulifaya.

Matransisita awiri a ampulifaya: matumba awiri a mtedza. Anapsa mita ija ilipo, koma ili m'kabati. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zochokera kunja ndimaziwerengera m'matumba.

Tuner: K120,000. Bambo anandifotokozera bwino. Kabokosika sikakonza eriyo. Kamangochititsa ampulifaya kuona ma ohm 50 amene imafuna, pomwe kunjako waya udakali wolakwika ndipo mphamvu ina ikutayikabe m'chingwe. Ndinafunsa ngati talipira kuti makina anamizidwe. Anati eya.

Chingwe chatsopano cha coax ndi tepi: K70,000. Chakale chinamwa madzi a mvula, mkuwa wa m'kati unachita kubiriwira.

Kafani ka kompyuta koziziritsa: K6,000. Kamagwira.

Chitsulo chokhomera pansi ndi waya wake: K18,000. Iyi yokha sindinadandaule. Kuyambira November mpaka April, kukangogunda, chingwe cha eriyo chimazulidwa n'kuponyedwa kunja, ndipo ana saloledwa pansi pa mango pamene bambo akulankhula.

Kutsitsa mphamvu ya ampulifaya kufika pa theka, ndi kuyang'ana singano asanatsegule pakamwa: K0. Chiyambireni lamuloli palibe chapsa.

Zolowa: K0. Wayilesi yotere salola kuchitirapo malonda. Bambo analankhula ndi munthu wa ku Italy, amene anawauza kuti kwawo kukuzizira.

Zonse pamodzi, kupatula chilolezo: K259,000 ndi matumba awiri a mtedza.

Chosagulidwa: waya watsopano wa mkuwa, mamita 20, wodulidwa pa muyezo wake, K30,000. Bambo akuti wakale udakali wabwino. Watsopanoyo ndaulemba pa mwezi wa May tikagulitsa soya, ndipo ndikagula ndekha.