Pusi wa lero amalipira kuti agwe chagada

Akuluakulu akale anali ndi mwambi wolangizira munthu wosakhutira, wa mtima dyokodyoko pa chilichonse chonyezimira: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pusi ali mumtengo, dzanja lagwira chipatso, maso ali pa china, mchira ukufufuza chachitatu, mapeto ake nthambi yamutaya. Amene anapeka mwambiwu ankayesa kugwa chagada ndi chilango. Atadzuka lero n'kupita ku Livingstone angagwire pakamwa, poti kumeneko kugwa chagada ndi malonda, ndipo ofuna kugwa amachita kulembetseratu.

Nkhani yake ili kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene David Livingstone anawafika mu 1855 n'kuwatcha Victoria Falls. Pamwamba pa mathithiwa mtsinje wa Zambezi ndi wotambasuka mamita oposa 1,700, koma akangogwera m'phompho la mamita 108, madzi onsewo amapanikizana m'chigwembe chopapatiza cha Batoka, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe. Madzi opanikizidwa sadziwa ulemu. Amawinduka, amazungulira, amalavula thovu loyera mbuu. Munthu wa nzeru zake angapaone n'kulambalala. Koma mu 1981 anthu a kampani ya Sobek ya ku America anatsikamo ndi maboti opopa mpweya, natuluka amoyo. Kuyambira pamenepo apusi a m'mayiko onse sanasiye kubwera, aliyense madola oposa 100 ali m'manja, kuti mtsinje umuchape.

Tsiku lake limayamba ndi pepala. Musanaone n'komwe madzi, mumasayina kuti chilichonse chikachitika, mwachifuna nokha. Kenako akupatsani chisoti, nkhafi ndi jekete yoyandamitsa, imene amaimanga zolimba mpaka nsima ya dzulo kuyamba kudandaula. Ndiye woongolera boti, mnyamata wodziwa mwala uliwonse wa mtsinjewo, amaima patsogolo n'kuyamba ulaliki. "Ndikati patsogolo, palasani. Ndikati pansi, gwadani mugwire chingwe. Mukagwera m'madzi musayerekeze kuimirira, phazi lingapanike m'miyala. Gonani chagada, miyendo muloze kumene madzi akupita, mudikire tikutoleni."

Mwamva, abale anga? Chimene makolo ankatiopseza nacho, ku Batoka ndiye njira yopulumukira. Wogwa chafufumimba ndiye ali pamavuto. Pusi uja, kungoti anabadwa kale, bwenzi lero ali mphunzitsi.

Malo a mkokomo m'chigwembechi ali ndi manambala ndi mayina, ndipo mayinawo okha ndi chenjezo lokwanira. Madzi akachepa, kuyambira cha mu August mpaka December, ulendo umayambira pa Boiling Pot, pafupi ndi mlatho wa njanji womangidwa mu 1905. Mkokomo wa nambala 5 ndi Stairway to Heaven. Wa nambala 6 ndi Devil's Toilet Bowl, ndithu chimbudzi cha mdyerekezi. Wa nambala 10 ndi Gnashing Jaws of Death. Munthu amene kwawo salowa m'bafa madzi asanafunde amamva mayina amenewa n'kuwomba m'manja. Akadutsa woyamba ali moyo amati ichi chakoma. Akadutsa wachiwiri atamwako malita angapo amati ichinso chakoma. Pofika pa nambala 18, pa Oblivion, pamene maboti ambiri amagubuduzika, mtsinje umamalizitsa mwambi. Mphuno ya boti imaloza kumwamba, nkhafi zili balala, ndipo mukaona pamadzi pali zisoti zokhazokha zikuyandama ngati maungu okokoloka kudimba.

Ngakhale kugwa kwake kuli ndi maudindo. Wogwa atagwirabe chingwe cha boti amamutcha wosambira pang'ono, ndipo anzake amamukoka pa mapewa a jekete n'kumuponyera m'kati. Wotengedwa ndi madzi ndiye wosambira mtunda wautali, amene amakatoledwa ndi anyamata a timaboti ta munthu mmodzi odikirira kumunsi. Madzulo, wa mtunda wautaliyu ndiye amakhala mfumu ya nkhani. Amene boti lawo silinagubuduzike amakhala ndwii, ngati awabera.

Pusi wakale akagwa ankadzuka msanga, kuyang'ana uku ndi uku ngati wina wamuona, n'kuthawira kutchire. Wa lero ayi. Pamwala pamakhala wojambula, ndipo madzulo wogwayo amatulutsanso madola kugula kanema wa kugwa kwake. Usiku womwewo kanemayo ali pa Facebook, azakhali kumudzi akuonera mwana amene anamuphunzitsa ndi ndalama za fodya ali miyendo m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Ndipo asanafike pogula kanemayo pali ntchito ina: kutuluka m'chigwembe. Ndi mtunda wa chiimire, mamita oposa 200, miyendo ili lende. Muli pakati pa kupuma ndi kupemphera, anyamata a m'midzi yozungulira amakupitirirani atasenza boti lomwe lija, lophwetsedwa ndi kukulungidwa, n'kukupatsani moni.

Mpaka apa mungati mwambi wagwa nawo chagada. Dikirani kaye, pali nambala 9. Oyendetsa maboti padziko lonse amagawa ukali wa madzi m'magulu 6. Gulu la 5 ndiye lomaliza limene amalowetsamo alendo, ndipo Batoka ali nalo lambiri. Gulu la 6 salowetsamo munthu wolipira. Mkokomo wa nambala 9, Commercial Suicide, uli m'gulu limeneli. Mukafika pamenepo woongolera uja, yemwe tsiku lonse wakhala akukuwa ndi kuseka, amakocheza kumbali. Aliyense amatsika n'kuyenda pamiyala, madzi akubangula pambali. Palibe wokangana naye. Madzi akachuluka mvula itatha, amadumpha malo a kumtunda n'kukayambira kumunsi, ndipo akanyanya amaimitsa maulendo, ngakhale alendo atagwedeza madola bwanji.

Apa ndiye pamene pusi wa ku Batoka wasiyana ndi wa m'mwambi. Amadya chipatso ichi ndi icho, koma pali chimodzi chimene amachiyang'ana n'kunena kuti chimenecho chikhale. Wakale uja analibe nambala 9. Kwa iye nthambi iliyonse inali yake.

Tsono tisanaseke alendowa kuti alibe chochita, tidziyang'ane. Iwo amalowa m'madzi atavala chisoti ndi jekete, wowapulumutsa ali tcheru kumunsi. Ife nthawi ya dzinja timakwera bwato pa Shire kapena panyanja, m'menemo muli matumba a chimanga, njinga, mbuzi ndi apongozi, jekete palibe, chifukwa choti ili ndi lotchipa ndipo linyamuka msanga. Kumtunda nako n'chimodzimodzi. Foni ikati tengani ngongole, ichi chakoma. Ikati betchani pa mpira, ichi chakoma. Wina akati ikani ndalama pano zibereke kawiri pa sabata, ichinso chakoma. Tikagwa sipakhala wojambula kapena wotikoka pa mapewa, pamangokhala angongole pakhomo.

Choncho mwambi uja usatayidwe. Makolo sanaletse chokoma, analetsa kusasankha. Ngati thumba likulola, pitani ku Zambezi mukagwe chagada, mubwere nayo kanema tidzaseke limodzi. Koma kaya ndi pamtsinje kaya pafoni, valani jekete, mverani wodziwa madzi, ndipo mukafika pa nambala 9 yanu, tsikani muyende pansi.