Chibale Ndi Fupa, Koma Fupalo Lili Kuti?

Ku Highridge kuno ku Kabwe kulibe banja lochokera kwa wonyamula katundu wa mfumu. Khalani pamaliro usiku ndi madoda a kum'mawa amene anapuma ntchito ya njanji kapena ya mumgodi, mudzamva kuti Phiri aliyense ndi mdzukulu wa Kalonga. Mafumu okhaokha, moti munthu umadabwa kuti nanga m'mundamo ankalima ndani. Ukayerekeza kukayika akutseka pakamwa ndi mwambi: chibale ndi fupa, sichiola.

Amalume anga ndiwo akatswiri. Amatchula mayina a makolo mpaka kukafika kwa Kalonga osapuma, chala chili m'mwamba. Chovuta n'chakuti mzerawo amaudutsitsa kwa bambo, kwa bambo a bambo, chonchobe, pamene ufumu wa Achewa umayenda kuchikazi. Wolowa ufumu ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu. Komanso Kalonga ndi dzina lolowa, monganso Undi ku Mkaika: wina akamwalira, wina amavala dzina lomwelo, ndipo anthu angapo amasanduka munthu mmodzi m'kamwa mwa wosimba. Tsono ukafunsa kuti, "Amalume, Kalonga wake uti?" yankho limakhala lakuti, "Iwe mwana wadzulodzulo, ukufuna undiphunzitse?" Umboni wonse uli ndi agogo amene anawauza, ndipo agogowo anagona kalekale, sangaitanidwe pabwalo.

Si matenda athu tokha. Alembi a ku England wakale analemba mzera wa mfumu Æthelwulf, bambo wa Alfred, n'kuudutsitsa kwa mulungu wawo Woden mpaka kukaugwetsa kwa Adamu. Pamenepo ngakhale amalume akanaomba m'manja.

Ofufuza enieni amayenda mwamantha. Samuel Ntara anasonkhanitsa zimene akuluakulu ankasimba m'buku la Mbiri ya Achewa. Mpwitikizi Gaspar Bocarro, pochoka ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616, anakumana ndi mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura, ndipo akatswiri akhala akukangana ngati Muzurayo anali Kalonga kapena ayi. Yusuf Juwayeyi anachita kukumba pansi ku Mankhamba, likulu la Kalonga, n'kupeza mikanda ndi zibenthu za mbale za ku China. Angoni ndiwo anachita mwayi: tsiku limene Zwangendaba ankaoloka Zambezi mu November 1835 kunachitika kadamsana, ndiye thambo lenilenilo ndi mboni yawo. Enafe dzuwa silinatisainire.

Chondiseketsa n'chakuti fupa limene silinaoledi linapezeka mtauni mwathu momwe muno. Mu 1921, Kabwe akadali Broken Hill, okumba mtovu anafukula chigaza cha munthu wamakedzana. Mu 2020 asayansi anati chili ndi zaka pafupifupi 299,000, n'kuwonjezera okha kuti akhoza kuphonya ndi zaka 25,000 uku kapena uko. Tamvani kudzichepetsa kwakeko! Anthu a makina akuvomera kuphonya, pamene amalume, opanda ndi kapepala komwe, sanaphonyepo ngakhale Lachiwiri limodzi.

Mwini chigazayu palibe amene amamutchula pamzera wa makolo. Analibe ng'ombe, analibe mudzi wodziwika, mano ake ambiri anali obooka, ndipo asayansi akukayika ngati anthufe tinachokeradi kwa mtundu wake. Chigazacho chili ku Natural History Museum ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Chikadzatera tsiku lina, alendo n'kuyamba kulipira pakhomo kuti achione, mudzaona achibale akutuluka m'makwalala onse a Highridge atavala masuti. Patsogolo padzakhala amalume, akuloza chipumi chotumphukacho: "Taonani bwinobwino, si chipumi cha kwathu ichi?"