Katswiri wa tenesi wa pa bawo

Pa nkhani za mpira wamiyendo aliyense kwathu kuno ndi mphunzitsi. Kondakitala wa minibasi amadziwa woyenera kusewera kumbuyo, wometa tsitsi amadziwa woyenera kuchotsedwa ntchito, ndipo ine ndikangoti nditsekule pakamwa amandiuza kuti ndidikire kaye akuluakulu amalize. Ndiye ndinati basi, ndifune masewero anga amene palibe angandidule mawu. Ndinasankha tenesi. Osati ya a Djokovic imene anyamata amaonera pa foni ayi, koma ya pansi penipeni, ndime zachipulula za Davis Cup za kuno ku Africa.

Davis Cup ndi mpikisano wa matimu a amuna oimira mayiko awo. Unayambira ku Boston mu 1900, pamene mnyamata wina wophunzira ku Harvard, Dwight Davis, anagula chikho ndi ndalama za m'thumba mwake kuti a ku America alimbirane ndi a ku Britain. Mwiniwakeyo analowa nawo m'bwalo, ndipo timu yake ndi imene inapambana. Ine ndikagula nkhuku n'kudya ndekha chiwindi amanditcha womana. Mnzathuyu anagula chikho n'kubwerera nacho kwawo, mpaka lero dzina lake amalitchula mwaulemu.

Nthawi imeneyo mayiko anali awiri okha. Lero amaposa 130, choncho bungwe la ITF linawandandalika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pansi pakepo ndi pamene pali magulu a m'zigawo, ndipo ife a ku Africa tili ndi Group III, Group IV ndi Group V. Matimu a gulu limodzi amasonkhana mumzinda umodzi kwa masiku angapo n'kumakumana mosinthana. Mayiko awiri akakumana pamakhala masewero atatu, awiri a mmodzimmodzi, omaliza a awiriawiri. Ochita bwino amakwera gulu, ogwira mchira amatsika. A Group V okha ndi amene amagona tulo tabwino, pakuti pansi pawo palibenso kogwera. Anthu amenewa ndinawakonda nthawi yomweyo, tikumvana.

Kukwera kwake ndiye musanene. Chaka chino mutuluke mu Group V, chamawa mu Group IV, chinacho mu Group III, kenako mulimbane kuti mulowe World Group II, kuchoka apo World Group I, ndipo mukadali panja pa nyumba ya eniake monga Italy, imene inatenga chikhochi mu 2023 ndi mu 2024. Nditawerengetsa ndinapeza kuti timu yosagonja ngakhale kamodzi ingafike pamwamba mwana amene ali Sitandade 8 lero atalemba kale mayeso a Fomu 4.

Zonsezi ndinaziloweza, n'kupita nazo pa bawo Loweruka masana, malaya ndapisira. Ndinayamba bwino. Anzanga anasiya kutapa nkhomo, makutu ali tcheru. Wina anafunsa chifukwa chake mu tenesi amawerenga 15, 30, kenako 40, ine n'kumuyankha kuti zimenezo n'zakuya, tidzakambirana akadzakhwima. Kwa kanthawi ndithu ndinalawa ulemu.

Pambali panakhala madala ena amene masiku onse amangosinza, chipewa chili kumaso. Anabadwira ku Mbare, makolo awo atapita ku Harare kukafuna ntchito, ndipo kuno anabwera atakalamba kale. Anakweza chipewa.

"Achimwene, mwafika pa ana a Black?"

Ndinati ndikubwera kumeneko, madala. Kumeneko ndinali ndisanakumveko n'komwe.

Anayamba kuyala nkhani. Byron Black ndi mng'ono wake Wayne, ana a Don Black amene anawalimira mabwalo a kapinga pakhomo, anapita ku Mildura mu 1998 n'kukagonjetsa Australia 3-2 pa kapinga wa eniake. Australia yomweyo imene yatenga chikhochi ka 28. Zimbabwe inalowa m'gulu la mayiko 8 otsala, kenako Italy inaitulutsa. Mu 2000 America inabwera ku Harare ndi Andre Agassi, kaputeni wake John McEnroe, ndipo tsiku lomaliza linacha Zimbabwe ikutsogola 2-1. Alendowo anapulumukira pa masewero otsiriza, 3-2. Madalawo amafotokoza manja ali m'mwamba, tulo tonse tatha, mano awo otsalawo ali pamtunda. Anzanga aja anatembenuza mipando, ine n'kumaona misana.

Ndinali ndi chipolopolo chimodzi chotsala. Ndinatsokomola n'kunena kuti komabe dziko la mu Africa limene linatengapo Davis Cup ndi South Africa yokha, mu 1974.

"Osamenya mpira ndi umodzi womwe pa ndime yomaliza," anandilanda madala aja. "India inakana kusewera nawo chifukwa cha tsankho. Pitirizani, achimwene, tikumva."

Sindinapitirize. Ndinati kunyumba akundifuna.

Kunyumba sanali kundifuna. Mayi a ana anamvetsera dandaulo langa akusenda mbatata, kenako anati, "Bambo a ana, inu raketi munayigwirapo?" Ndinawakumbutsa kuti tili nayo, ya magetsi ija yophera udzudzu. Anati ngakhale imeneyo amamenya ndi iwo, ine ndimangoloza kumene kwatera udzudzu. Ndinawauza kuti ntchito imeneyo mu Davis Cup amaigwira kaputeni, amakhala pampando m'mbali mwa bwalo n'kumalangiza. Anandipatsa mpeni kuti ndilangize mbatata.

Group V ndiichemererabe, koma chamumtima. Inu owerenga, ngati mukudziwa masewero ena amene ku Harare sanafikeko, mudzandinong'oneze tikakumana. Kalata musalembe, madala aja nyuzipepala ino amawerenga.