Pulogalamu isayende popanda inu: malangizo kwa akatswiri a kompyuta a ku Golomoti

Achimwene amene mwamaliza kosi ya kompyuta n'kubwerera kuno kumunsi kwa Khwekhwerere, tcherani khutu. Mwalemba kapulogalamu m'chinenero cha C kowerengera masheya a banki m'khonde, kakuyenda bwinobwino pa laputopu yanu, ndipo mukufuna kukapereka ku gulu la amayi ku Mtakataka. Musapupulume. Pulogalamu ikamayenda yokha pa kompyuta ya aliyense, mwini wake amaiwalika mwezi usanathe. Chofunika n'chakuti foni yanu izilira.

Yambani ndi Cygwin, ndipo muikakamire. Cygwin inabadwa mu 1995 ku kampani ya Cygnus Solutions, yomwe pambuyo pake inagulidwa ndi Red Hat. Ntchito yake ndi kulola mapulogalamu olembedwa mwa chikhalidwe cha Unix kuyenda pa Windows. Koma sayenda okha. Pali fayilo yotchedwa cygwin1.dll imene imaima pakati: pulogalamu ikafuna kutsegula fayilo, imanong'oneza cygwin1.dll, iyo n'kukalankhula ndi Windows. Kunena mosapsatira, pulogalamu yanu ndi mkamwini wolephera kupempha ngakhale madzi akumwa kwa apongozi popanda nkhoswe. Ubwino wake ndi umenewu. Mukakopera fayilo ya .exe yokha pa fulashi, ankhoswe amatsala pa laputopu yanu. Mlembi wa gulu akadina kawiri, Windows imatulutsa kabokosi konena kuti cygwin1.dll sikupezeka. Basi, mwasanduka munthu wofunika m'dera la Kachindamoto.

Tsiku lina amayi adzatopa n'kunena kuti akufuna chinthu choyenda chokha. Musachite mantha. Fufuzani malangizo akale kwambiri, olembedwa inu mukadali ku pulayimale, ndipo mudzapezamo lamulo la -mno-cygwin. Lamulo limeneli linali lenileni. M'masiku a compiler ya gcc 3, ukaliwonjezera, compiler imasiya cygwin1.dll n'kulumikiza pulogalamu ku msvcrt.dll, fayilo yomwe Windows imabwera nayo kale. Vuto linali lakuti compiler imodzi imatumikira makomo awiri. Nthawi zina imatola ma header a Cygwin n'kuwaphatikiza ndi ma library a MinGW (zida zopangira mapulogalamu olankhula okha ndi Windows), pulogalamu n'kutuluka yosadziwika mtundu. Eni ake anatopa nazo: gcc 4 ya Cygwin inayamba kulikana lamuloli, ndipo pofika GCC 4.7 mu 2012 linali litachotsedweratu.

Inu lilembenibe. Compiler ikakana kuti sikulidziwa, lilembeninso ndi zilembo zazikulu. Ikakananso, pezani wonamizira. Kunamizira magetsi n'koopsa pang'ono, chifukwa wina atha kukulozerani ma sola a megawati 20 amene akhala akugwira ntchito pa Golomoti pomwepa kuyambira 2022. Namizirani kutentha kwa mu Okutobala, kapena vayirasi ya pa fulashi ya mlembi. Mnzanu wamwano akanena kuti lamulo lanulo malo ake ndi ku Chamare, nyumba yosungira zakale ya ku Kungoni ku Mua, muyankheni kuti ana a masiku ano salemekeza zamakolo.

Pali njira ina imene ine ndimaisirira chifukwa cha kuchenjera kwake. Tsegulani Makefile, fufutani -mno-cygwin mwakachetechete, ndipo yambitsaninso make. Zonse zidutsa, palibe chilembo chofiira ngakhale chimodzi. Lengezani kuti vuto latha. Zoona zake, gcc wamba ya Cygwin yawabwezera ankhoswe pampando wawo, ndipo kabokosi kaja kadzatulukanso Lachisanu pa msonkhano wa gulu, ndalama zili pa mphasa.

Tsopano chinthu choyenera kuchipewa ngati mukufuna kudya bwino: cross-compiler. Imeneyi ndi compiler yoyenda pa makina amodzi koma yopanga pulogalamu ya makina ena, ndipo ili ndi ma header ndi ma library akeake, osasakanikirana ndi a wina. Ya Windows imachokera ku MinGW, imene Colin Peters anayambitsa mu 1998, ndi mphukira yake mingw-w64 imene inabweretsa 64-bit. Musatsegule setup ya Cygwin n'kusankha mingw64-x86_64-gcc-core. Ngati muli pa Ubuntu, chala chisaterereke n'kulemba apt install mingw-w64. Koposa zonse, musasinthe mawu oti gcc n'kuikapo x86_64-w64-mingw32-gcc, kapena kuuza configure kuti --host=x86_64-w64-mingw32. Mukatero, .exe yotuluka idzalankhula yokha ndi Windows, ndipo ntchito yonse idzakhala itadya kabandulo kamodzi ka intaneti. Nanga mudzalipiritsa chiyani sabata yamawa?

Mwina mwagwidwa, mwana wa Fomu 4 wakuululani, ndipo mwaikadi cross-compiler. Chiyembekezo chikadalipo. Ngati pulogalamu ili mu C++, ingathe kufuna libstdc++-6.dll, libgcc_s_seh-1.dll ndi libwinpthread-1.dll. Kamawu kamodzi, -static, kangalowetse zonsezi m'kati mwa .exe, choncho kaiwaleni. Nkhoswe imodzi yachoka, atatu alowa. Musayesenso kulemba objdump -p pa fayilo yanu n'kuwerenga mizere ya DLL Name, chifukwa pamenepo pamaoneka poyera mayina a ma dll amene pulogalamu ikuwadalira mwachindunji, musanakwere n'komwe kabaza wopita ku Mtakataka.

Kumbukiraninso makompyuta akale amene akadali m'masukulu ndi m'mashopu otayipira makalata, ena a Windows 7, ena a 32-bit. Cygwin inasiya 32-bit mu 2022 ndipo inasiya Windows 7 mu 2024. Pali i686-w64-mingw32-gcc yopangira makina a 32-bit, koma inu pangani ya 64-bit, ikakana muwauze agule kompyuta yatsopano. Ngati muli ndi msuweni wogulitsa makompyuta ku Dedza boma, ndiye kuti Mulungu wakukonderani.

Pali malo amodzi pomwe simukunama, ndipo ndikupatsani ulere. Pulogalamu imene imagwiritsa ntchito fork() kuti idzigawe pawiri singapangidwe ndi MinGW, chifukwa Windows ilibe zimenezo. Pamenepo mwina mulembenso gawolo ndi CreateProcess, kapena mukhalebe ndi Cygwin n'kuika cygwin1.dll mu foda imodzi ndi .exe. Kapulogalamu kophatikiza masheya ndi chiwongoladzanja sikafuna fork() ngakhale pang'ono, koma amayi sakudziwa zimenezo. Tchulani fork() katatu motsitsa mawu, mukupukusa mutu, ndipo adzakupatsani fanta.

Inu amayi ndi abambo olandira mapulogalamu otere, ngati mwawerenga mpaka pano: katswiri akabwera, muuzeni atseke laputopu yake aiike m'chikwama. Pulogalamu itseguke pa kompyuta yanu, inuyo mutadina nokha. Ikatulutsa kabokosi kotchula dll iliyonse, ndalama yake idikire kaye.