Anthu Khumi a Bambo Phiri

(Ku Kanyama, mbandakucha. Nyundo ikulira pa malata.)

AMAKE DALISO: A Phiri! Kukhoma malata tambala asanatsike? Daliso wagona mochedwa chifukwa cha udzudzu wa m'chithaphwi chanucho!

PHIRI: Chithaphwi n'cha Kanyama yense, amake Daliso. Komanso muzilankhula mwaulemu, mukulankhula ndi tcheyamani. Kantembaka kakugwa lero. Pano pakubwera shopu ya magalasi, a ku Kabulonga azidzagula shuga kuno.

AMAKE DALISO: Atavala majombo? Inu amene pashelefu pali machesi atatu ndi sopo woduladula? Mwapitanso kwa a kaloba eti?

PHIRI: Kaloba ndi wa anthu osamvera wailesi. CDF, mayi, ndalama za boma za chitukuko! Mu 2021 dera la MP aliyense linkalandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 inafika K25.7 miliyoni. Mu 2025, K36.1 miliyoni!

AMAKE DALISO: Zonsezo za kantemba kanu?

PHIRI: Ine si wadyera. Zambiri zipite ku ngalande, makalasi ndi fizi ya ana. Ine ndikungofuna K40,000 ya magulu, yosabweza. Akuti mukhale anthu khumi. Ndakwanitsa, pepala ili.

AMAKE DALISO: Werengani timve.

PHIRI: Woyamba, Phiri, tcheyamani. Wachiwiri, Phiri, msungichuma.

AMAKE DALISO: Phiri utiyo?

PHIRI: Ndine ndemwe. Maudindo ndi awiri.

AMAKE DALISO: Mimba ndi imodzi! Pitirizani.

PHIRI: Wachitatu, amake Mabvuto.

AMAKE DALISO: Amene anakwera basi ya ku Petauke pa Khirisimasi atanyamula ndi mapoto omwe?

PHIRI: Ali pa tchuthi. Wachinayi, Mabvuto.

AMAKE DALISO: Mwana wosamera mano! Chitupa cha NRC amapereka munthu akakwana zaka 16.

PHIRI: Ali ndi khadi la kusikelo, lachidindo cha boma. Wachisanu, agogo Nabanda a ku Katete.

AMAKE DALISO: Mayo ine! Agogo aja tinaika chaka chatha? Nsima ya pamaliro ndinaphika ndine, mthiko wanga mpaka lero simunabweze!

PHIRI: Ndiye membala wabwino ameneyo. Satsutsa pamsonkhano, sapempha gawo lake.

AMAKE DALISO: Ngakhale akanakhala moyo, Katete ili ndi CDF yake. Wachisanu ndi chimodzi?

PHIRI: Tiger Phiri, mkulu wa chitetezo.

(Galu akuuwa.)

PHIRI: Mwamva? Wavomera.

AMAKE DALISO: Galu amene anaba kapenta wanga Lachiwiri? Adzasaina ndi chiyani, mchira?

PHIRI: Osadziwa kulemba amadinda chala. Iye ali nazo zambiri. Atatu otsatira ndi anyamata oitanira mabasi pa City Market. Mayina ndiwafunsa mawa.

AMAKE DALISO: Atsala m'modzi.

PHIRI: (akutsokomola) Wakhumi, mlembi. Amake Daliso.

AMAKE DALISO: Ine? Pepala limodzi ndi galu ndi maliro? Fufutani msanga ndisanakuthireni madzi otsukira mbale!

PHIRI: Ndinakuikani pamwamba pa Tiger, aneba.

AMAKE DALISO: Mwandiika pansi pake! Tamverani, a khansala ananena kumsika. Gulu likhale la anthu amoyo, a dera lomwelo, aliyense ndi NRC yake, lolembetsedwa, lokhala ndi akaunti ku banki. Fomu imadutsa ku Ward Development Committee, kenako ku komiti ya CDF ndi ku khonsolo. Mukafuna panokha ndi ngongole: kulembetsa ku PACRA, TPIN ya ZRA, ndipo mumabweza.

PHIRI: Kubweza? Ayi, tibwerere kwa agogo.

AMAKE DALISO: Koma ine sindidzivuta nazo. Ndalama za boma zimadziwa makomo a makada okha.

PHIRI: Munayesapo?

AMAKE DALISO: Kuyesa chiyani?

PHIRI: Kutenga fomu. Inu muli ndi chilimba, amayi a kapenta, a malasha, a vitumbuwa, a salaula. Mumakumana Lamlungu lililonse pakhonde panu, phokoso mpaka ku Chibolya. Muli angati?

AMAKE DALISO: Khumi ndi awiri.

PHIRI: Onse amoyo?

AMAKE DALISO: A Phiri!

PHIRI: Ndikungofunsa. Chichokereni mu Lumumba Road, pamene anachotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni mu 2023, mumagulitsira pakhomo, kasitomala wanu wamkulu ndi Tiger. Chilimba chanucho chitalembetsedwa, si bwenzi mutagula firiji ndi sikelo, n'kumakapikula limodzi kumsika wa Soweto? Msika wa kuno ukanadzuka, anthu osawononganso ndalama ya basi kukagula tomato m'tauni.

AMAKE DALISO: Firiji ndi magetsi athu ano?

PHIRI: Mugule ya sola. Nzeru zonsezi ndikukupatsani ulere, ngati tcheyamani.

AMAKE DALISO: Tcheyamani wa galu. (kachetechete) Kodi ofesi ya wadi amatsegula nthawi yanji?

PHIRI: Aha! Mwakodwa! Ndikuperekezani, bola mundilembe pa nambala 13. Ndibwera ndi mkulu wa chitetezo.

AMAKE DALISO: Inuyo tikambirana mukabweza mthiko ndi K50 yanga ya Epulo. Galu ayi.

PHIRI: K50 imeneyo tinene kuti ndi ya fomu.

AMAKE DALISO: Bodza! Fomu ya CDF sagulitsa. Aliyense wokupemphani ndalama ya fomu ndi wakuba, ngakhale atakhala neba wanu. Tiyeni, ndipo galuyo mumumange.