Chikomekome cha thepi, m'kati muli shoti

Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ankachenjeza za akamwini ovala jekete yobwereka ndi alendo olankhula mokoma. Galimoto sanaidziwe, koma amene anayambitsa mwambiwu akanatsegula boneti ya Corolla yanga, akanapukusa mutu n'kunena kuti, "Si izi ndinkanena zija?"

Galimotoyo ndi yaikulu kuposa mwana wanga wachisamba. Inakalambira kwawo ku Japan, inatsika sitima ku Dar es Salaam, inalowera pa Songwe, n'kudutsa m'manja angapo isanadzapumire kwathu ku Nancholi. Tsiku logula, mwiniwake anandionetsa injini yotsukidwa kuti mbee, mtolo wa mawaya ataukulunga ndi thepi yakuda yonyezimira ngati nsapato za mkwati. Ndinalipira osanenerera.

Nyerere zinayamba kutuluka patatha milungu itatu. Ndikaimba hutala, nyali yakumanzere inkatsinzina. Kenako tsiku lina mu Okutobala, tikukwera phiri kuchokera ku Thabwa, apongozi ali kumbuyo ndi nkhuku yawo, munamveka fungo la pulasitiki yopserera. Iwo anatsokomola mwaulemu n'kufunsa kuti, "Apongozi, kodi m'galimoto muno mumaphikiramonso?"

Mawa lake ndinali pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa Chikwawa, kwa mkulu wina wokonza zamagetsi a galimoto. Anachotsa kaye waya wa negetivi pa batire, n'kutenga lezala kuyamba kung'amba mkuyu wanga. Pamwamba panali thepi yatsopano ija. Pansi pake thepi yakale, itasanduka phula. Pansi pa phulalo jumbo yabuluu, pansi pa jumbo malegeni, ndipo pansi pa malegeni mawaya opotedwa ndi zala, mkuwa wake utabiriwira ngati chisoso. Panalinso kachidutswa ka chingwe cha wailesi ndi zitosi za khoswe.

"Bwana," anatero mkuluyo, "apa padutsa maboma anayi, ndipo lililonse linangopenta pamwamba pa linzake."

Ndinkayesa thepi ndi thepi basi. Ayi ndithu. Yonyezimira ija, imene timagula pa okala pamodzi ndi machesi, ndi ya PVC, ndipo yambiri imapirira kutentha kosapitirira madigiri 80. M'nyumba, kuseri kwa soketi, ilibe mlandu. Koma madzi a mu injini okha amazungulira ali pa madigiri 90 kapena kuposerapo, ndipo chitsulo cha ekizozi pamene chikuchokera mu injini chimafika madigiri mazanamazana. Guluu wake amasungunuka, oyilo n'kulowerera, thepi n'kuyamba kumasuka yokha ngati chitenje cha munthu wothamangira minibasi. Za jumbo sindinena, ngakhale boma linaletsa mapulasitiki opyapyala kuyambira 2015, ndiye yanga inali yolakwira malamulo ndi nzeru zomwe.

Malegeni ndimawalemekeza. Amanga matumba a makala pa njinga kuchokera kutali mpaka m'tauni, agwira mipope yothontha, asunga mabanja. Koma mphira wa chubu sagwirizana ndi oyilo kapena petulo: amafufuma, amafewa, ndipo kutentha kukamupsereza amang'aluka. Msilikali wabwino, koma nkhondo si yake.

Chofunika, anatero mkuluyo, n'kuyamba ndi nyerere. Waya aliyense wouma kapena wosupuka adulidwe, alumikizidwe ndi wa makulidwe ofanana, awotcheredwe kapena kufinyidwa ndi kachitsulo kolumikizira, kenako avekedwe kachubu kaja kofota kakamva moto, kamene amati heat shrink. Ndiyeno mtolo wonse ukulungidwe ndi thepi yansalu ya polyester, yopangidwira mu injini. Kampani ya Tesa ya ku Germany ili nayo ya nambala 51036, yopirira madigiri 150. Pokulunga, mzere uliwonse ukwere theka la unzake. Pamene mtolo ukukhudza chitsulo aulowetse m'chipaipi chapulasitiki cha mizeremizere chong'ambika m'mbali, ndipo aumange kutali ndi ekizozi.

Pali msampha wina. Ilipo thepi yansalu yofewa, yaubweyaubweya, yokoma kuigwira ngati bulangete la mwana. Imeneyo ndi ya m'kati, kuseri kwa dashibodi, yoletsa mawaya kuchita phokoso. Mukaiika mu injini imamwa oyilo ndi madzi a mvula ya Januwale ngati chinkhupule. Mkuyu winanso umenewo.

Ndinayenda masiku awiri m'mashopu a ku Limbe ndi mumsika wa Ndirande kufunafuna thepi yansalu ya mu injini ija. Mnyamata wina anandionetsa thepi yonyezimira n'kulumbira kuti, "Iyi ndi orijino, bigi, ngakhale ndege amamangira yomweyi." Ndinamuyankha kuti ndege yoteroyo akwere yekha. Mapeto ake mlamu wanga ndiye anabwera ndi thepi yoyenerayo pa basi kuchokera ku Joni, itabisala pakati pa mabulangete.

Nyerere yaikulu inapezeka komaliza, m'kabokosi ka mafyuzi. Pamalo pa fyuzi ya 10 amp wina anapindapo waya wonenepa. Fyuzi ntchito yake n'kufa kuti galimoto ikhale ndi moyo, koma iyi anaipatsa moyo wosatha. Anthu amapeputsa batire poti ndi ya 12 volts, osadziwa kuti pakachitika shoti imatulutsa mphamvu yokwana kufiiritsa sipanala. Tsiku la ku Thabwa lija tikanatsika tikuthawa moto, apongozi patsogolo, nkhuku yowotchawotcha m'manja.

Tsopano mtolo wa mawaya anga ndi wakuda bii, wosawala, wosakopa maso. Sabata yatha mnyamata wina wofuna kugula galimotoyo anatsegula boneti, anakwinya nkhope, n'kunena kuti ya mnzake ku Chilomoni mawaya ake amanyezimira. Ndinamulozera njira ya ku Chilomoni. Hutala ikulira payokha, nyali zikuyaka zonse ziwiri, fungo linatha. Apongozi okha ndiwo akanitsitsa: akafuna kupita ku Chikwawa amakwera minibasi.